Mzere wa Malawi pa Furiji ya Adadi

Ndikukumbukira furiji yathu ya ku Dudley bwino kwambiri kuposa nkhope za anzanga ena a kusukulu. Inali yakalekale, yolira ngati ili ndi chifuwa, ndipo pachitseko pake adadi anamatapo pepala limene linalamulira moyo wanga kwa zaka ziwiri. Pepalalo linali mndandanda wa maiko amene anapatapo mamendulo pa masewero a jimunasitiki, opidiguka ndi kulumpha, padziko lonse. Analikopera pamanja ku laibulale, mizere yake yowongoka yojambulira lula, dziko lililonse ndi timabokosi take titatu: golide, siliva ndi mkuwa. Pansi penipeni, pamene mndandanda weniweni unathera, anawonjezerapo mzere wawo, nalembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti MALAWI. Timabokosi ta mzere umenewo tinalibe kanthu.

Tinabwera kuno ku Britain ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kutsatira amayi amene anapeza ntchito ya unamwino pachipatala chachikulu cha m'tauniyi. Adadi kwathu ku Kasungu anali mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale, koma kuno ankalongedza makatoni m'nyumba yosungiramo katundu. Uphunzitsi sunawachoke. Atasowa kalasi, kalasi yawo inasanduka ine, ndipo bolodi inali furiji ija.

Chinayambitsa zonsezi ndi chibwana cha kumudzi. Ku Kasungu atsikana tinkapisa madiresi m'makabudula n'kumapikisana kuima chadodolido pamchenga, kupidiguka mpaka kuona chizungulire. Nditafika kuno Chingerezi chinkandivuta, ndiye pa nthawi yopuma ndinkangopidiguka ndekha pa udzu wa kusukulu, poti kupidiguka sikufuna chilankhulo. Aphunzitsi ena anandiona, nalembera makolo anga kalata. Amayi poiona kalatayo anaganiza kuti ndapalamula. Pamene anamva kuti akundiitanira ku kalabu ya masewero ku Bilston, anapuma, koma mtima unakweranso ataona chovala chake, kanthu kothina konga kosambira, ntchafu zonse pamtunda. Anakatembenuza uku ndi uku n'kufunsa ngati mbali yake ina yatsala m'sitolo.

Kalabuyo inali m'chinyumba chimene kale chinali fakitale, kufupi ndi msika. Ndikatseka maso fungo lake ndimalimvabe: choko, mphira, ndi mapazi a ana makumi atatu. M'nyengo yozizira zala zinkauma, mpweya ukutuluka utsi m'kamwa, koma ukangoponda matiresi aja, ofewa ndi okankha mwendo, kuzizira unkakuiwala. Wotiphunzitsa anali Kelly, mtsikana wamfupi wa mawu aakulu, amene ankatafuna chingamu tsiku lonse. Chimene ndinkachikonda kuposa zonse chinali kulumpha chitebulo. Umathamanga ndi mphamvu zako zonse, n'kuponda thabwa la masipuling'i, n'kugwira chitebulo chachikopa ndi manja, miyendo n'kudutsa m'mwamba, kenako n'kutera pa matiresi mbali inayo. Kamphindi kamene uli m'malere kaja, osagwira kanthu kalikonse, ndinalibe nako mawu m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Ndinkangodziwa kuti ndikufuna kubwereza.

Adadi ndiye anatengeka kuposa ine mwini wake. M'mawa uliwonse, ine ndikudya phala, iwo ankaima pa furiji ndi supuni m'manja ngati cholozera. Ankandionetsa Russia, Japan, China ndi America, maiko a timabokosi todzaza mpaka manambala kupanikizana. Kenako ankaloza Romania n'kunena kuti taona, dziko losalemera kwenikweni, koma tiatsikana take tinagwedeza dziko lonse. Ankatsikira pa Britain n'kuseka, amvekere Angerezi omwewa akhala zaka zambirimbiri akungoombera anzawo m'manja. Pomaliza supuni inkagogoda mzere wapansi uja.

"Timabokosi iti sitopanda kanthu ayi, Tadala," ankatero. "Tikudikira iwe."

Zoti Malawi alibe ndi timu yomwe, iwo analibe nazo ntchito, ndipo inenso ndinkawakhulupirira ndi mtima wonse. Ndinkayenda m'misewu ya Dudley ndikudziona kuti ndasenza dziko lathunthu m'kachikwama kanga ka masewero.

Amayi anali ndi sukulu yawoyawo. Mantha awo aakulu anali oti dziko lino lindisandutsa mwana wopanda mwambo, wotchula akuluakulu maina ndi kuwayang'ana m'maso ngati anzake. Choncho kwathu, ngakhale tinkakhala m'kanyumba kosanjikiza ka makapeti, malamulo anali a ku Kasungu. Popereka madzi kwa adadi, kugwada. Alendo a kutchalitchi akabwera, kugwada n'kupereka moni mmodzimmodzi, maso pansi. Wamkulu akakhala pampando, mwana saima chilili pamaso pake. Bondo langa linazolowera mwakuti linkapinda lokha ndisanaliuze.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, Kelly anandilembetsa mpikisano wanga woyamba, ku Nuneaton. Anatiuza kuti atatu oyambirira pa msinkhu wathu alandira mamendulo, komanso atengedwa kukaphunzira ndi gulu la ana osankhika ku Birmingham. Sabata imeneyo chakudya sichinkatsika. Adadi anagula cholembera chatsopano cha buluu, nanena kuti sichilemba china chilichonse kufikira chitalemba m'kabokosi ka Malawi. Amayi anasinthana ntchito ndi mnzawo kuti Loweruka limenelo akhale omasuka, ndipo anandiluka tsitsi mothina kwambiri moti nsidze zinakwera.

Tinakwera basi mpaka ku Birmingham, kenako sitima. Amayi anavala chitenje chawo cha pa zikondwerero ndi duku lake, adadi suti ndi tayi, cholembera chija chili m'thumba la pachifuwa. Makolo ena onse m'holomo anali m'majini ndi majuzi. Ine sindinachite nazo manyazi, mtima unali pa nyimbo zimene zinkalira, magetsi owala, ndi mamendulo amene anawayala patebulo la pakona, akunyezimira.

Tinayamba ndi masewero a pabwalo, ovina ndi kupidiguka motsatira nyimbo. Oweruza anakhala patali, kumapeto kwa bwalo. Ndinachita zonse monga Kelly anandiphunzitsira, n'kumaliza, n'kukweza manja mwachangu, n'kuthamangira kumpando. Manambala atatuluka ndinali wachiwiri. Ndinayang'ana kumene kunakhala makolo ndipo ndinaona adadi ataimirira, akugwiragwira thumba la pachifuwa. Koma amayi anandikodola ndi dzanja. Nditafika pa chingwe chotchinga, anawerama n'kundinong'oneza.

"Wachita bwino, koma wandichititsa manyazi. Anthu akuluakulu akhala pansi kukuonerera, iwe wangoimika manja ngati wamangidwa ndi apolisi, basi n'kuthawa? Ukamaliza uku kwinaku uwathokoze bwinobwino ma-judge aja. Asamati ana a ku Malawi alibe ulemu."

Ndinavomera kuti chabwino amayi, n'kubwerera. Mawu akuti ana a ku Malawi aja anandilowa, chifukwa tsiku limenelo Malawi yense ndinali ine.

Kenako inakwana nthawi ya chitebulo changa chija. Ndinaima kumayambiriro kwa msewu wothamangira. Ndinakweza dzanja, n'kuliyatsa liwiro. Phazi linaponda thabwa pakatikati penipeni, manja anamenya chikopa, ndipo ndinauluka kuposa tsiku lina lililonse. Ndinatera ndi mapazi onse awiri pamodzi, osasuntha ngakhale chala. Ndinadziwa pomwepo kuti mendulo ndi yanga.

Tsono tebulo la oweruza apa linali pafupi, mwina mapazi asanu kuchokera pamene ndinatera. Nditadzutsa maso ndinaona mayi wachikulire wa imvi mbuu, atakhala pampando, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi ngati mmene amayang'anira amayi a chigwirizano kutchalitchi. Ndisanawongoke n'komwe, ndisanakweze manja, bondo lija linachita zimene linaphunzitsidwa. Ndinatsika pansi mwaulemu wonse, maondo onse awiri pa matiresi, maso pansi, n'kuomba m'manja katatu mofatsa.

Anthu a m'holo anangoyang'anana. Kenako kunamveka nthungululu ya amayi, yaitali, yonyadira, yochokera pansi pa mtima. Kelly anabwera akuthamanga, chingamu chitatsala pang'ono kugwa m'kamwa, kundifunsa ngati ndavulala. Ndinamuuza kuti ayi, ndimathokoza. Anandiyang'ana, nayang'ana oweruza, nagwira kumutu. Lamulo la masewerowa ndi lakuti ukatera uime nji, uwongoke, ukweze manja kwa oweruza, pamenepo ndiye wamaliza. Bondo likakhudza pansi usanatero, amawerenga kuti wagwa. Mayi wa imvi uja anandimwetulira mwachisoni, koma cholembera chake chinalemba zimene lamulo linanena. Ndinathera pa nambala yachisanu.

Kelly anapita kukawafotokozera makolo anga, ndipo ndinaona nkhope ya amayi ikusintha pang'onopang'ono. M'sitima pobwerera ndinalira mpaka kamalaya kanga kananyowa. Adadi ankayesa kundiuza za maiko amene anayamba ndi kulephera, koma mawu ankawathera panjira. Ndiye ine, mwana wogwada uja, ndinawayang'ana amayi n'kunena m'Chingerezi, mokweza, anthu akumva, kuti zonsezi ndi chifukwa cha iwo. Ndinadikira khofi. Silinabwere. Amayi anangotembenukira kuwindo, n'kumayang'ana mafakitale akudutsa mpaka tinafika ku Birmingham.

Mawa lake titabwerako kutchalitchi, ndinamva chinthu chikukokedwa pabalaza. Amayi anali atakokera tebulo lodyera pakati, atakhala kuseri kwake ndi magalasi awo owerengera, pepala ndi pensulo. Mapilo a sofa anawayala pansi.

"Lero ine si amako," anatero. "Ndine judge. Kwera pa sofapo, ulumphe, utere, uime. Ukatero undiyang'ane m'maso."

Ndinaganiza kuti ndi msampha. Ndinalumpha, n'kutera, koma maso anakana kukwera, ndipo maondo anayamba kale kupinda. Kuima chilili pamaso pa amayi atakhala pansi, chifuwa patsogolo, chibwano m'mwamba, kunali kovuta kuposa kuuluka pa chitebulo. Anagogoda tebulo ndi pensulo.

"Bwerezanso. Bondo limenelo ndinalipinda ndine, ndiliwongolanso ndine."

Tinachita zimenezi Lamulungu lililonse kwa chaka chathunthu. Nthawi zina ankabwera atatopa ndi ntchito, mapazi atatupa, koma ankakhala kuseri kwa tebulo lija n'kukwinya nkhope mwadala. Adadi ankakhala wolengeza, kutchula dzina langa ndi la dziko ngati pa wailesi, mpaka a nyumba yapansi ankagogoda denga lawo ndi tsache. Tsiku loyamba limene ndinawayang'ana amayi m'maso osaphethira, manja ali m'mwamba, tonse tinaphulika kuseka. Koma tikangobweza tebulo m'malo mwake, malamulo a ku Kasungu ankabwerera, ndipo tiyi ndinkaperekabe chogwada.

Chaka chotsatira tinabwerera ku Nuneaton, holo yomweyo. Kulumpha kwanga sikunafike pa kwa chaka chathacho, phazi limodzi linasuntha pang'ono. Koma ndinaima. Ndinakweza manja, ndinayang'ana oweruza mmodzimmodzi, ndipo bondo silinagwedezeke. Ndinakhala wachitatu. Nthungululu ya amayi inachititsa mwana wina kugwetsa botolo la madzi, ndipo ulendo uno makolo ena anaombera nawo m'manja. Titafika kunyumba adadi sanavule ndi jekete lomwe. Anapita molunjika pa furiji, natulutsa cholembera chimene chinadikira chaka chonse, nalemba 1 m'kabokosi ka mkuwa, mzere wa Malawi. Analemba mothamanga moti nambalayo inapendama.

Ku Birmingham ndinapitadi, ndinaphunzirako zaka zingapo, kenako thupi linakula ndipo akakolo anayamba kudandaula. Kutali kumene adadi ankalota sindinafikeko. Masiku ano mndandanda uja sufuna laibulale kapena lula, umangotsegula foni. Mzere wa Britain umene ankauseka unadzaza ife tikuona, ndipo dzina la Malawi ndimalifufuzabe mwa chizolowezi, osalipeza. Pepala la adadi lili pa furiji yanga tsopano, lachita chikasu, ndi nambala yake imodzi yopendama ija.

Loweruka ndimaphunzitsa ana ku Bilston. Obadwira kuno savutika kuyang'ana munthu m'maso, mwana wanga yemwe ndimachita kumukumbutsa kuti apereke moni. Koma zaka zino kwabwera mabanja atsopano ochokera kwathu ndi ku Zambia, makolo ogwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo mwezi wathawu kamtsikana kena kongofika kumene kanandigwadira pakhomo la holo. Sindinakaletse. Ndinakauza kuti pakhomo pano gwada, koma ukaponda matiresi aja uime ngati dziko lonse ndi lako.

Amayi anapuma pa ntchito. Zaka zoyendayenda m'mawodi zinawadya maondo, moti ngakhale kutchalitchi amapemphera atakhala. Ndikapita kukawatenga Lamulungu, ndimagwada kuwaveka nsapato. Tsiku lina ndili pansi pomwepo ndikumanga zingwe, ndinamva dzanja lawo pamutu panga. Nditadzutsa maso anali akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Apa pokha gwada, mwanawe," anatero. "Judge wa pano sachotsa ma-points."