Envulopu Yachinayi

Mayi atamwalira ananditenga ndi mayi aang'ono, mng'ono wawo wa bere limodzi. Amuna awo anali akalaliki pa fakitale ya tiyi, ndiye tinkakhala m'nyumba ya njerwa kumtunda, osati ku malaini kwa othyola tiyi. Pamaliro azimayi anawayamikira mayi aang'onowo pakamwa mpaka kuuma, iwo n'kumangoweramitsa mutu ngati mngelo. Ana awo anali atatu. Ine ndinali wotunga madzi.

Disembala wa chaka chimenecho dona wa pa esiteti anapatsa mayi aang'ono zotsala za nsalu ina yofiira, yokhuthala ngati ya chipewa, yosathothoka ulusi m'mphepete ukaidula. Anati asokera ana maenvulopu a Khrisimasi oikamo masiwiti, monga anaonera kwa donayo. Mayi aang'ono akaona chinthu kwa mzungu sankapeza tulo.

Anandipatsa sizasi ndi pepala lopimira n'kundiuza kuti ndidule zidutswa zinayi. Zinayi! Ndinawerenga ana a m'nyumbamo, n'kuwerenganso. Za masiwiti ndinalibe nazo ntchito. Ndinkangofuna kuti tsiku limodzi lokha nane ndiwerengedwe ngati mwana wa pakhomopo.

Kupeta maluwa pa makina opalasa si masewera. Ankachotsa kaphazi kopanira nsalu, n'kukunga nsaluyo pa kamkombero ka thabwa, ndiye mapazi akupalasa, manja akuyendetsa mkomberowo pansi pa singano. Luso anali nalo, ndisawanamizire. Atakunga chidutswa choyamba anandiitana.

"Iwe, pamenepa tiikepo chiyani?"

Chibwerereni anali asanandifunsepo maganizo pa chilichonse, ngakhale pa ndiwo. Ndinayankha kuti kambalame kali pa nthambi ya tiyi. Poyamba ulusi unkakolana kunsi, iwo n'kumamanga ndi kumasula kasikuluwu ka bobini, koma kenaka zinayenda. Kanatuluka kambalame kachikasu, katatera pa masamba awiri ndi kansonga kake, enieni amene amathyola kumunda. Chidutswacho anachiika padera.

Zitatu zinazo anapetapo nyenyezi ndi mabelu, n'kuzipinda, kusoka m'mbali, kuika mabatani. Changa chinakhala chosasoka pa tebulo la makina. Ndinadziuza kuti atanganidwa, amaliza. Ndikamasesa m'mawa ndinkachisisita ndi chala, ndipo ku mpope ndinali nditauza kale anzanga onse kuti mayi andisokera yanga ya mbalame.

Pa Khrisimasi titachokera kutchalitchi kunabwera achibale a ku Goliati, atadzaza pabalaza ndi makapu a tiyi m'manja. Mayi aang'ono anaitana ana awo mmodzimmodzi, aliyense n'kulandira envulopu yotupa ndi masiwiti. Kenaka anati, "Iwe."

Ndinagwada, n'kutambasula manja awiri monga anandiphunzitsira mayi anga. Anandiikamo chidutswa chija, pamwamba pake kabotolo ka oyilo.

"Makina aja akuchita dzimbiri ndi mvulayi. Kawapukute."

Mayi wina mwa alendowo anafunsa motsitsa mawu, "Kodi imeneyi si yake mwanayu?"

"Ayi, ichi n'choyesera ulusi, achemwali. Telala wake uti amayambira pa nsalu yeniyeni?"

Ana aja anaseka mpaka wamng'ono anatsamwa ndi siwiti. Alendo anayang'ana m'makapu mwawo. Mayi aang'ono ankadziwa zimene ankachita, ankadziwa kuyambira pamene anandifunsa za choikapo. Anthu amandiuza kuti ndikhululuke poti anandisunga. Ndinadana nawo tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sindinasinthe.

Ndinapita kuchipinda cha makina n'kuyamba kupukuta. Ndinapinda chidutswacho mwanzeru, mbalame mkati, kuti oyilo adetse kumbuyo kokha, mwina ndidzachibisa m'chikwama changa cha sukulu. Posakhalitsa anabwera kudzayendera ntchito. Anapititsa chala pa gudumu, n'kuyang'ana m'manja mwanga.

"Tembenuza," anatero. "Kumene kuli ulusiko n'kumene kumachotsa bwino dzimbiri."

Anaima pomwepo mpaka mbalame yonse inada.