Loweruka Lathu M'minda ya Mphesa

Anzanga, nkhani iyi ndakhala ndikulemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Lero ndingoinena basi, mtima ukukana kukhala pansi.

Fiskani ndinakumana naye pa bus stop ku Dudley, nditaweruka early shift kuchipatala. Basi inali itandisiya, ine n'kumadandaulira mayi anga pa foni. Ndinangoona munthu wa njinga waima, atavala kabudula wothina woti n'kumuchitira manyazi.

"Chichewa ichi n'cha ku Ntcheu," anatero.

"Nanga inu, Mmalawi wanzeru zake, munakwera ndege kudzapalasa njinga ku UK?"

Anaseka mpaka misozi.

"Loweruka muli off? Ndikakuonetseni kumene njinga imafika."

Ine Lena, amene kwathu ndinkangodziwa kukhala pa kaliyala ya kabaza... ndinavomera!

Anandibweretsera njinga ya matayala onenepa, akuti gravel bike. Tinkayamba ndi kanjira ka m'mbali mwa canal, ngalande ya maboti, kenako n'kulowa m'tinjira ta timiyala todutsa m'minda, kopanda galimoto, kopanda munthu. Tsiku loyamba ndinagwa kawiri. Kachiwiriko ndinagwera m'zitsamba zoyabwa, iye n'kumandipukuta mikono akuseka.

"Usamayang'ane mwala, Lena. Uziyang'ana kumene ukufuna kupita."

Titakwera kachitunda kena ndinaima kukamwa kuli yasa. Mphesa! Mizeremizere kutsetsereka mpaka kumunsi, ngati munda wa fodya wosamalidwa bwino. Zaka zitatu ndili kuno, sindinkadziwa kuti azungu a kufupi ndi Dudley amalima mphesa n'kumapanga wine.

Iye analawa wine, ine wa kwaya ndinamwa apple juice. Pabenchi pomwepo m'pamene anandigwira dzanja.

Kuyambira pamenepo ndinapenga, anzanga. Rota ya masiku a ntchito ikangotuluka ndinkathamangira kuona Loweruka. Ndinkaswopa ma shift, kupempha, kunyengerera. Lachitatu likafika miyendo inkachita kuyabwa. Ndinamukonda mnyamatayu, sindibisa.

Koma chinthu chimodzi chinkandisowetsa mtendere. Ndinkafuna anthu adziwe kuti ndine wake.

"Lamlungu tipitire limodzi kutchalitchi kwathu ku Birmingham."

"Ine ndimapemphera ku Stoke, babe. Ku Oldbury ndimangokhalira ntchito."

"Nanga braai ya Amalawi ija?"

"Amalawi miseche, Lena. Kuno kutchire ndani angatisokoneze?"

Zithunzi ankajambula njinga ziwiri zitatsamira pageti, ifeyo ayi. Ndinkafunsa, kukwiya, kukhala chete masiku awiri... Loweruka likafika ndili pa njinga.

Mwezi wa September, anthu akuthyola mphesa, tcheni cha njinga yake chinaduka. Tinakankha njinga mpaka pakamsewu ka tala kolowera m'mudzi wina. Kagalimoto kofiira kanatidutsa, kanaima, kanabwerera chambuyo. Munatuluka bambo wina atavala yunifolomu ya ma carer, osamalira okalamba.

"Alamu! Ndinu?"

Fiskani anauma.

"A Jairos... mukutani kuno?"

"Dom care, alamu, kusamalira anthu m'makomo mwawo. Ma client anga ndi agogo a m'midzi inoyi. Nanga awa ndani?"

Fiskani sanaphethire n'komwe.

"Wa ku club yathu ya njinga. Ndi wa ku Kenya, Chichewa samva. Anzathu ena atsogola."

Ine wa ku Kenya!

Fiskani anandiyang'ana ndi maso opempha. Ndipo anzanga, ndinamwetulira. Ndinaima pamenepo nditagwira njinga, n'kumamwetulira ngati sindikumva kanthu.

A Jairos anamasuka.

"Koma alamu, Chrissy akudziwa kuti muli pa overtime ku Oldbury. Mkazi wanu watopa chonchija, tsiku lililonse akhoza kuchira, inu muli m'minda ya azungu? Mlongo wanga ali yekha ku Stoke, mpaka dzulo amakolopa yekha."

Mkazi. Woyembekezera. Mawu aliwonse ankandilowa bwinobwino, ine mano ali pamtunda.

"Ndikupita madzulo ano," anatero Fiskani. "Musamuuze za njingazi, angadandaule."

A Jairos anapukusa mutu, kenako anatembenukira kwa ine n'kutambasula dzanja.

"Nice to meet you, sister."

Sindinaganize. Dzanja lamanzere linapita lokha kukagwira mkono wamanja, mawondo n'kupindika pang'ono, monga mayi anandiphunzitsira kupatsa moni akuluakulu.

A Jairos sanandisiye dzanja. Anandiyang'ana, anayang'ana Fiskani, anandiyang'ananso.

"Moni uwu ndi wakwathu," anatero pang'onopang'ono. "Chemwali, kwanu n'kuti?"

Ndinawayankha m'Chichewa.

"Ku Ntcheu... kwa Tsangano."

Kumunsi kunkamveka thirakitala ndi anthu othyola mphesa akuseka zawo.

"Lena, ndikufotokozera..." anayamba Fiskani.

"Mukafotokozere mlongo wanga," anatero a Jairos. Ananditsegulira chitseko cha galimoto. "Lowani chemwali, ndikakusiyeni."

Tinamusiya pamsewu ndi njinga ziwiri. Njira yonse mpaka ku Dudley a Jairos anandifunsa funso limodzi lokha.

"Mumadziwa?"

"Ayi."

"Ndakukhulupirirani."

Papita masabata asanu. Nambala yake ndinabloka. Loweruka ndimapempha dala long day, shift ya tsiku lonse, chifukwa ndikakhala m'nyumba ndimangozungulira, kuchoka pawindo kupita kukhitchini, kubwereranso pawindo.

Zoti ali ndi mkazi zikundiwawa, inde. Koma chimene chikundidya kwambiri ndi ineyo. Munthu anandikana pamaso panga, m'chilankhulo changa, ine n'kumuthandiza ndi kumwetulira.

A Jairos akanapanda kundipatsa dzanja, anzanga, ndikanakhala chete mpaka galimoto itapita. Ndipo ndikudzidziwa... Loweruka linalo ndikanapitanso.