Lachinayi la Mabulauzi Oyera

Sananene odi. Linali Lolemba m'mawa, nyengo yopalira chimanga, ine ndikunola khasu kuseri kwa nyumba yathu ku Chiparamba. Apolisi awiri anangotulukira, wamkuluyo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, valani nsapato. Tikacheze pang'ono ku ofesi."

Nkhani yake ndinkaidziwa. Mwana wa mnansi wathu anali atamwalira ndi malungo, ndipo pamaliro pomwepo anthu analoza chala amayi ena amasiye a mumpingo mwathu, okalamba, ogontha khutu limodzi, ati ndiwo adya mwanayo. Lamulungu masana anawatenthera nyumba. Ndinawapeza atabisala m'munda wa mpendadzuwa, ndinawakweza panjinga n'kukawasiya kwa alamu anga ku Madzimoyo. Tsono bambo a mwana uja anakanena kupolisi kuti ndaba munthu, mwinanso ndamupha.

Kupolisiko anandivula lamba ndi zingwe za nsapato. Ine mkulu wa mpingo, buluku n'kumaligwira ndi dzanja ngati mwana wa giredi wani!

"Ali kuti amayi aja?" anafunsa wamkulu uja.

"Ali moyo, bwana."

"Sindinafunse zimenezo."

Ndikanatha kunena. Koma pawindo ndinkaona bambo a mwana uja ndi abale awo atakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo polowa ndinamva wapolisiyo akuwapatsa moni kuti "alamu". Mawu anga akanafika pamtengopo ndisanamange n'komwe nsapato, ndipo amayi aja sakanaliona dzuwa la mawa lake.

M'selo, mlendo amagona pafupi ndi ndowa yodzithandizira. Ndinagona pamenepo. Lachiwiri anandifunsanso, koma tsiku limenelo sanafunse ndi pakamwa pokha. Kuchokera pamenepo khutu langa lamanzere silimva.

Sindibisa, ndinamukalipira Mulungu. Ine ndine wa mtima wapachala, mkazi wanga angachitire umboni. Ndinati, "Ambuye, ndakuphunzitsirani ana a anthu mpaka imvi, malipiro ake ndi ndowa iyi? Tsegulani chitsekochi!" Chitseko chinangoti zii.

Lachitatu masana wapolisi uja anaika lamba wanga patebulo, n'kusiya chitseko cha ofesi chosatseka. Kunja kunkanunkhira dothi la mvula.

"Dzina la mudzi lokha, mdala," anatero mofatsa. "Madzulo ano mukadya kwanu. Munthu si m'bale wanu, mukumuferanji?"

Mantha anandigwira zenizeni, chifukwa dzina la Madzimoyo linali litafika kale palilime. Ndinadziwa kuti mwa ine mulibenso mphamvu. Ndiye ndinapemphera chamumtima pemphero lomwe sindinaphunzitsepo munthu: "Ambuye, kutsegula chitseko mwakana. Chabwino. Ndiye nditsekeni pakamwa."

Limeneli Mulungu anayankha. Wapolisiyo anadikira, anatukwana, lamba uja n'kumubwezera m'kabati.

Lachinayi ndi tsiku lomwe azimayi a mpingo amasonkhana atavala yunifolomu: bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku woyera. Chakumasana tinamva nyimbo ikubwera mumsewu. Atanditulutsa m'selo, ndinaona bwalo lonse la polisi litayera. Mkazi wanga anali patsogolo. Pakati penipeni, atavala chimodzimodzi ndi anzawo, panali amayi amasiye aja. Atamva kuti ndili m'selo chifukwa cha iwo, anakana kubisalanso.

Abambo a pamtengo wa mango aja anaimirira. Koma kuti afike pa amayiwo anayenera kukankha kaye amayi awo owabala ndi alongo awo, amene anali m'gulu momwemo. Anakhalanso pansi.

"Bwana," anatero mkazi wanga, "munthu wophedwa uja ndi uyu. Tabwera kudzatenga wathu."

Ndikumanga lamba, amayi aja anandigwira dzanja n'kunena chinachake. Sindinamve. Ndinatembenuza mutu kuwapatsa khutu lamanja, iwonso n'kutembenuza wawo kundipatsa khutu lawo labwino. Tinaseka, koma ine misozi ili chuchuchu.

Lero amayiwo amakhala m'nyumba yomwe mpingo unawamangira pafupi ndi tchalitchi. Anthu amati ndinamasulidwa Lachinayi, ndipo sindiwatsutsa. Koma ine ufulu ndinaupeza Lachitatu, chitseko chili chotsegula, pamene ndinabwerera kukagona pafupi ndi ndowa ija dzina la mudzi lili m'kamwa mwanga.