Chidebe cha Mlamu Wanga

Mumsewu wathu munamveka mbiri yoti mlamu wanga, pulambala uja timamutcha Sipanala, mutu wayamba kumuzungulira. Akuti ukamuitana, amangofika ndi chidebe, kutsegula mpope, kuyang'ana wotchi, n'kumapita osagwira kanthu. Ine ndinakhulupirirako pang'ono. Munthu wakhala zaka makumi anayi mutu uli kunsi kwa masinki a eni, kenakake kayenera kukhwefuka basi. Anthu anasiya kumuitana, ndipo njinga yake yonyamulira mapaipi inangoti tsaa pakhonde.

Ndiye mwana wathu anagulira mayi ake shawa yamagetsi, poti mawondo awo akana zonyamula ndowa ya madzi otentha. Mayiwo anati, "Ayike ndi achimwene, wina ayi." Ndinadziwa kuti akalephera kwa mlongo wake, ntchito yamuthera pomwepo.

Anafika mmamawa ndi chidebe chija. Anabweranso masana, kenako anthu akuweruka. Shawa ili m'katoni phee.

"Alamu," ndinatero, "mwabwera kudzatisambitsa kapena kudzatunga?"

"Khalani chete, ndikuwerenga. Sukulu munathawa nokha, musandipatsire."

Atathira madziwo m'maluwa anati, "Kachipangizo aka n'kamatama. Madzi akamabwera mwaulesi sikayaka, kapena kakusupulani msana. Chidebechi chiyenera kudzaza m'mphindi imodzi. Kwa aneba anu chikudzaza, kuno chikutenga zitatu, chonsecho paipi yamumsewu ndi imodzi. Vuto lili m'nyumba muno."

"Limenelo ndinalidziwa kale," anatero mlongo wake, maso ali pa ine.

Mlamu analondola paipi chogwada, mawondo akulira ngati chitseko chakale, mpaka pamita ya madzi kuseri kwa mpanda. Anapeza chotsekera madzi chili chotseka theka, chomangidwa ndi waya. Wayayo ndinamuzindikira. Ndinamanga ndine zaka zapitazo, chifukwa mayi akamachapa masana mapaipi ankagogoda m'khoma n'kumandidula tulo. Kenako ndinaiwala, n'kumatukwana a zamadzi tsiku lililonse.

Mlamu anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumwamba. Anamasula waya, n'kupotokola ndi sipanala. Chidebe chinasefukira asanamalize n'kutsokomola komwe.

"Chinali chiyani, achimwene?" anafunsa mayi ali pawindo, ataona waya m'manja mwa mlamu.

"Dzimbiri, achemwali."

"Dzimbiri lodziwa kumanga waya?"

Mlamu sanandiulule. Analumikiza shawa kupaipi yochokera pamita, osati yapathanki yathu yosungira madzi, ndipo mawaya anasiyira wamagetsi. Akuti iye ndi moto sagwirana chanza.

Tsikulo mayi anasamba ataimirira, akuimba, nthunzi ikutuluka kunsi kwa chitseko. Ine, pofuna kubweza ulemu, ndinayenda nyumba ndi nyumba kuulula za waya wanga. Anandiseka mpaka misozi, koma sabata isanathe nyumba zitatu zinali zitamuitana, ndi chidebe chake chomwe.

Mutu wa mlamu wanga sunazungulire. Amayeza mphamvu ya madzi asanayambe ntchito.