Ng'ombe Yotsala ya Malowolo

Mlamu wanga ndinamuda kuyambira tsiku loyamba, ndipo sindinganame kuti chinayambitsa ndi mowa. Nthawi imeneyo n'kuti asanayambe kumwa moonetsera. Anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni ndi pikapu yoyera, nsapato zosongoka, ndi wotchi yomwe ankaiyang'ana pafupipafupi ngati pali wina akumudikira. Ine ndinali mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale pa boma la Mzimba, kumene ntchito inandiponya kuchokera kwathu ku Dedza. Mng'ono wanga ndinakamutenga ndekha kumudzi kuti adzakhale nane, aphunzire kusoka. Makina ndinagula ine, nsalu zophunzirira ndinagula ine. Chaka chisanathe, pikapu ija inali itayamba kuima pakhomo panga.

Ukwati unachitika. Kwathu mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, ndipo ana ndi akuchikazi. Mwana wa mng'ono wanga ndi mwana wanga, palibe angafunse. Kuno n'zina. Mwamuna amapereka ng'ombe za malowolo, mkazi n'kupita kwa mwamuna, ndipo malowolo akatha ana amakhala akuchimuna. Anagwirizana ng'ombe zinayi. Zitatu anapereka mwa ndalama, yachinayi anati idzabwera pambuyo. Malume athu analandira mano onse ali pamtunda, akuyesa ndi mphatso ya mkamwini waulemu. Sanafunse kuti akusiya chiyani polandirapo. Inenso, ndi sukulu yanga yonseyi, sindinafunse.

Anakakhala kumudzi kwa mwamuna, kupitirira Embangweni pang'ono. Zaka zoyambirira zinali zabwino, zimenezo ndivomere. Pikapu inkanyamula anthu ndi matumba a chimanga kupita ku Jenda, mng'ono wanga akusoka mayunifolomu pakhonde. Ananenepa, khungu linasalala, ndipo Chitumbuka anachigwira msanga kuposa ine amene ndinafika kuno poyamba. Anabereka mwana wamkazi, wamaso aakulu ngati a malemu mayi athu.

Kenako pikapu inayamba kuswera pamalo omwera mowa. Mlamu ankati dalaivala sapeza okwera kutchalitchi. Okwerawo ankawapezadi, koma ankawanyamula ulere chifukwa amugulira botolo. Injini itafa sanaikonzetse. Anagulitsa batire, kenako matayala, kenako mipando, mpaka galimoto ya ku Joni inatsala itakhala panjerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Iye wotchi ija anakhala nayobe. Inali itaima kalekale, koma ankaiyang'anabe.

Kwa nthawi yaitali mlandu wonse ndinkaupereka kwa mwamunayo. Kutero kunkandikomera, chifukwa kunkatsimikiza kuti ndinaona bwino poyamba paja. Loweruka lina ndinafika osawadziwitsa, dzuwa lisanafike n'komwe pamutu. Ndinapeza mng'ono wanga atakhala pansi, atatsamira khoma, chitenje chili pamwamba pa mawondo, akuseka yekha. Atandiona anafuna kuimirira kuti andilandire chikwama, koma anabwerera pansi. Fungo linandipeza ndisanafike n'komwe pakhonde.

"Makina ali kuti?" ndinamufunsa.

"Tinawasandutsa bizinesi, achemwali," anatero, n'kuloza kuseri kwa khitchini.

Bizinesiyo inali mgolo wakuda ndi mwaye, paipi yopindika, ndi mabotolo. Anagulitsa makina anga osokera kuti aziphika kachasu. Pambuyo pake, atatsitsimuka, anandifotokozera kuti poyamba ankangomutsatira mwamunayo kumowa kuti amulande ndalama zisanathe. Kenako anaona kuti bola ndalamazo zizithera pakhomo pawo pomwe. Koma wophika amalawa, ndipo mwamuna wa wophika amalawanso. Makasitomala awo okhulupirika anali iwo eni.

Chimene chinkandinyansa kwambiri n'chakuti anthu awiriwa ankakondanabe. M'mawa ankatukwanana mpaka anthu opita kudimba ankaima kumvetsera, masana n'kuwapeza atakhala pamphasa imodzi, akupatsirana kapu imodzi ngati angokwatirana dzulo. Ndikamunena mwamunayo, mng'ono wanga ankandilumphira. "Musawanyoze awa, anaona dziko kuposa inu." Anaonadi dziko, koma denga la nyumba yake linali litayamba kuchepa, lata limodzi mwezi uno, lina mwezi wamawa, kuyambira kuchipinda chogona mwana.

Mwanayo ndiye ankandisowetsa mtendere. Anali atafika sitandade 3, koma kusukulu ankapita masiku amene kunalibe mabotolo okapereka kwa ogula. Mwezi ukatha ndinkakwera galimoto ndi ufa, sopo, shuga ndi makope. Ndalama ndinasiya kupereka nditaona kumene zinkalowera. Sizinathandize kwenikweni. Shuga ankalowa mumgolo, sopo ankapezeka pa okala ya munthu wina, ndipo yunifolomu imene ndinamusokera ndinaiona itavalidwa ndi mwana wa eni ake, ndinaizindikira ndi mabatani ofiira amene ndinasokerera ndekha. Pa holide ina ndinamutenga kwa masabata awiri. Anali ndi mphere m'zala ndi chipsera pamkono pamene anakhudza mgolo wotentha. Poyala pabedi pake ndinapeza zidutswa za buledi atazibisa mu pilo. Nditamufunsa anayang'ana pansi n'kunena kuti, "N'zamawa, amayi aakulu." Tsiku limenelo ndinatsimikiza kuti ndimutenga, zivute zitani.

Ndinauza mphunzitsi mnzanga, bambo wachikulire wa konkuno, amene ankadziwa bwino miyambo ya kwawo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Malowolo anamaliza?"

Ndinaimbira foni malume nthawi yomweyo. Ng'ombe yachinayi sinafike, anatero, ndipo anali atayiwala n'komwe kuti ilipo.

"Mbwenu, ndiye kuti mwana ndi wanu," anatero mnzanga uja. "Ngati sanamalize, alibe pakamwa."

Ndinasangalala, ndipo chisangalalo changa sichinali chaukhondo. Sindinkangofuna kupulumutsa mwana. Ndinkafunanso kuona nkhope ya mlamu wanga pamene akumuuza pamaso pa abale ake kuti ndi nsapato zosongoka zonse zija analephera ng'ombe imodzi. Ndinagula matiresi ang'ono, ndinamupemphera malo kwa ahedi a pasukulu yathu, ndinasokanso yunifolomu ina.

Tinakumana pakhomo pa apongozi a mng'ono wanga, bambo ake a mlamu. Anali nkhalamba yowonda, yoyankhula motsitsa, mkulu wa mpingo amene mkazi wake anamwalira kale. Mwana wawo ankawachititsa manyazi, ndipo zinkaoneka. Amuna anakhala pamipando, ife amayi pamphasa. Malume anakana kubwera, ati ulendo ndi wautali, choncho mnzanga uja ndiye anandiyankhulira. Anafotokoza zonse mwaulemu woposa umene ine ndikanakwanitsa, za sukulu, za chipsera, n'kumalizira pa ng'ombe. Mlamu anali kumapeto, maso ofiira, akukanda bondo. Mng'ono wanga anakhala patali nane, atavala mpango woyera, ndipo tsiku limenelo anali asanamwe.

Nkhalamba ija inayankhula m'Chichewa kuti ine ndimve bwino.

"Amama, yewo chomene chifukwa chomukonda mwana uyu. Zimene mwanena za nyumba iyi ndi zoona, sindingakane. Koma ng'ombe yachinayi ndinapereka."

Inafotokoza kuti zaka zingapo zapitazo inagulitsa ng'ombe imodzi mwa ziwiri zimene inkalimira. Thenga, munthu amene ankayenda pakati pa mabanja awiriwa pa nkhani ya malowolo, anali atamwalira. Choncho ndalamazo inazipereka kwa mwana wake ndi mng'ono wangayo kuti akapereke okha ku Dedza. Panalibe mboni, panalibe kalata.

Mnzanga anandinong'oneza kuti ndisade nkhawa. Mawu a mlamu sangawerengedwe, chifukwa iye ndi mwini mlandu. Zonse zinatsalira pa mng'ono wanga. Akangonena kuti sanaone ndalama iliyonse, kapena kuti sakukumbukira, nkhani yatha, mwana akwera nane galimoto madzulo omwewo.

"Mkamwana," inatero nkhalamba ija, kuitana mpongozi wake m'Chitumbuka kuti ayankhule, "yowoyani."

Ndinamuyang'ana. Mng'ono wanga ndimamudziwa, ndinamubereka kumsana. Mtsikana ameneyu anali atandinamiza za makina, za shuga, za yunifolomu, za malungo amene sanadwale, za maliro a anthu amene mpaka lero ali moyo. Bodza linali litasanduka chakudya chake. Ndinkangofuna limodzi lokha, laling'ono, lothandiza mwana wake.

Anagwada, maso ali pansi.

"Ndalama nkhapokera ndine, adada. Zikamalira pa Jenda."

Chitumbuka changa n'choperewera, koma apo sindinafune womasulira. Ndalama analandira yekha m'manja mwake, ndipo zinathera pa Jenda. Anakhala kumeneko masiku anayi ndi mwamuna wake, akumwa ng'ombe yolimira ya nkhalamba, kenako anabwerera n'kunena kuti a ku Dedza athokoza.

Akuluakulu sanachedwe. Ng'ombe inatuluka m'khola, anatero, ndipo inalowa m'manja mwa mwana wa nyumba yanu. Ngati sinafike kwa malume, imeneyo ndi nkhani ya kwanu, mukakambirane nokha. Mwana ndi wa pamudzi pano. Ndinapempha kuti chabwino, akhale wanu, koma azikhala nane nthawi ya sukulu yokha. Anayang'anana. Wina anati mwana akakulira kuchikazi amaiwala kwawo, wina anati aziona okha mmene angathandizire. Ndinadziwa tanthauzo lake, chifukwa anthu omwewa anakhala akuona malata akutsika padenga osanena kanthu.

Apa ndiye ndinataya ulemu. Ndinaimirira pamphasa, chinthu chosayenera mkazi pabwalo lotere, n'kuwauza kuti amadziwa kuwerenga ng'ombe koma sadziwa kuwerenga nthiti za mdzukulu wawo. Mlamu ndinamutchula mayina amene sindingalembe pano. Iye anangoseka pang'ono, n'kunena kuti, "Ndapota, alamu, musakwiye. Mwaiona nokha nkhaniyi." Mnzanga anandigwira mkono n'kundikokera kunjira. Nkhalamba ija inali itaphimba nkhope ndi chipewa. Ndi yokhayo imene ndimaimvera chisoni pamudzi ponse paja, ngakhale nayonso sinatsegule pakamwa pomwe pankafunika.

Mwana sanamulole kutiperekeza. Ndinamuona ataima pafupi ndi nkhokwe, atagwira kajumbo kamene anali atalongedzamo kale zovala zake. Sindikudziwa anamuuza ndani kuti alongedze, mwina ndine ndemwe ndi pakamwa panga pofulumira.

Tinaima pamsewu kudikira galimoto yobwerera ku boma, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili m'mano. Mnzanga anapita pa kagolosale kukafuna madzi. Ndipamene ndinamva mapazi kumbuyo. Anali mng'ono wanga, mpango uli m'manja, akupuma mwabefu.

"Achemwali."

Ndinapitiriza kuyang'ana kumsewu.

"Achemwali, mwezi ukatha mubwera?"

Ndinatembenuka. Ndinkafuna kumumenya, ndipo ndikanakhala kuti sindine mphunzitsi wodziwika m'derali ndikanamumenyadi pamsewu pomwepo.

"Iwe, wanama zaka zonsezi. Lero lokha ndiye wakhala mkhristu? Mwana wako yemwe, wamukaniza sukulu, wamukaniza bedi. Chifukwa chiyani? Ufa? Ukuopa kuti ndisiya kubweretsa ufa?"

Anapukusa mutu. Milomo yake inali yosweka, ndipo ndinaona kwa nthawi yoyamba kuti mano awiri akutsogolo anali atachoka. Ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka zisanu ndi ziwiri, koma munthu wodutsa akanati iye ndiye wamkulu.

"Si ufa ayi," anatero. "Mukamutenga uja, kuno mudzabwera kudzaona ndani? Mungakwere galimoto kudzaona ine?"

Ndikanatha kumunamiza. Kunali kosavuta, ndipo mwina akanabwerera kubwalo kuja n'kukapempha yekha apongozi ake kuti mwana apite nane, chifukwa mayi akapempha modzichepetsa nthawi zina amamva. Ndinaziona zimenezo bwinobwino pamene ndinaima paja. Koma ndinali nditakwiya kwambiri, ndipo ndinkafuna kuti amve kuwawa.

"Ayi," ndinatero. "Iwe sindingakubwerere."

"Ndimadziwa," anatero.

Anamanganso mpango wake kumutu pang'onopang'ono, n'kuyamba kubwerera kumudzi. Sanapemphe kanthu, ngakhale ya sopo. Mwanayo sanapitirire sitandade 5.