Kuwerengera Amalume m'Munda wa Mapira

Chingwe chija chinali cha luzi la mlambe, chopota ndi manja a amalume. Chinkachokera pa nsanja yathu kukafika kumapeto kwa munda wa mapira, kumene nthaka inkatsikira ku mtsinje wa Lupande. M'chingwemo amalume anapachika zitini zakale, zigoba za nkhono ndi chidutswa cha khasu lotha, kotero kuti ukachikoka kamodzi munda wonse unkalira, mpheta n'kubuka ngati utsi. Mpaka lero zikhatho zanga zimakumbukira kukhakhala kwake. Nyengo imene ndikufuna kunena ndinaithera pa nsanja imeneyo, chingwe kudzanja lamanja, kabuku ka aphunzitsi kudzanja lamanzere, miyendo ili lendelende, mtima uli m'mwamba.

Ndinali mu Sitandade Folo, kalasi lomaliza pa sukulu yathu ya mpingo kufupi ndi Malama. Wofuna kupitirira pamenepo anayenera kupita ku mishoni, kukagonera konko, ndipo malo kumeneko anali ochepa. Osankha anali aphunzitsi athu, Mchewa wochokera kumtunda, munthu wowonda wa mawu otsika, amene sanazolowere konse kutentha kwa kuchigwa kuno. Kuyambira tsiku loyamba ankatiuza zimene mwana wa kalasi limenelo ayenera kutuluka nazo. Masamu ogawa aatali aja analipo, katekisimu analipo, ndi kudziwa kuyeza dimba ndi chingwe. Zimenezi sizinandivute, pakuti mutu wanga unali wopepuka pa zoloweza. Koma panali chinthu chimodzi chimene iwo ankachiika pamwamba pa zonse.

"Kuwerenga si kutchula zilembo ayi," ankatero. "Uwerengere munthu wosadziwa kuwerenga, iyeyo akathe kuuza mnzake zimene wamva. Pamenepo ndiye wawerenga."

Ndipo pa chinthu chimenechi sankafunsa mwana. Aliyense ankamupatsa nkhani imodzi ya m'Malembo kuti akawerengere munthu kwawo. Ikafika nthawi yokolola, iwo eni ankayenda pa njinga mudzi ndi mudzi kukafunsa womvera uja, mwanayo atakhala chete pambali. Masiku ano adzukulu anga amabwera kuchokera ku sukulu yawo ya mpingo ku Mnkhanya ndi zolinga za maphunziro zosindikiza bwino, zambirimbiri, ndipo sindizinyoza. Koma sindinapezemo cholinga chovuta ngati chimenechi, chakuti nzeru yako ikaonekere m'kamwa mwa munthu wina.

Ine ndinati ndikawerengera amayi. Aphunzitsi anaseka. "Amayi ako sasowa m'tchalitchi, nkhaniyi angainene ngakhale ali m'tulo. Ndikufuna khutu limene silinaimvepo." Pakhomo pathu khutu lotero linali limodzi lokha, la amalume.

Atate anali atapita kutali, ku dziko la Walale, kukafuna ntchito ine ndikukwawa, ndipo sanabwerenso. Amene anatilera ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, msodzi ndi mlimi, munthu amene sanapondepo m'tchalitchi ndipo nthawi yobzala ankathirabe ufa patsinde pa mtengo. Mwendo wawo wakumanzere unauma kuyambira chaka chimene mvuu inawagudubuzira bwato. Mwendo umenewo ndinali ine. Ndine ndinkanyamula miono kupita nayo ku thamanda, ndine ndinkapalasa, ndine ndinkakwera pa nsanja. Za sukulu sankabisa mawu. "Wadziwa kulemba dzina lako," ankatero. "Nanga dzinalo n'lalitali bwanji kuti ukalimalizire ku mishoni?" Kwathu kuno mawu a malume pa mwana wa mlongo wake ndiwo omaliza. Amayi anali atawapempha ndi misozi mpaka iwo anavomera kuti aphunzitsi akandisankha sadzakana. Anavomera chifukwa chosafuna kukangana ndi mlongo wawo. Tsopano aphunzitsi, mosadziwa, anali atawapatsa njira yondisungira popanda mkangano uliwonse. Akanangonena kuti sanamve kanthu, basi, nkhani yatha.

Nkhani imene anandipatsa inali ya asodzi. Anagwira ntchito osapha kanthu, ndipo pamene ankatsuka maukonde awo Ambuye anawauza kuti abwererenso pakuya. Anapha nsomba zochuluka mpaka ukonde unayamba kung'ambika, mabwato n'kutsala pang'ono kumira. Atafika kumtunda anasiya zonse, ndipo awiri apachibale anasiya ngakhale atate awo m'bwato, natsata Ambuye.

Mapira anali atayamba kufiira. Dzuwa likakwera, fungo la matope ouma linkabwera kuchokera kumtsinje, ntchentche zotchedwa akashembe n'kumaluma kumsana kupyola malaya. Amalume ankakhala pansi pa nsanja, pamthunzi, akuluka mono, atandifulatira. Ine ndinkawerenga monga tinkachitira m'kalasi, mothamanga, mawu akukwera ndi kutsika ngati nyimbo.

"Mphwanga," anatero tsiku lina m'Chikunda chawo, osatembenuka, "ukulira maliro a yani?"

Tsiku linanso anati, "Chinyanja chakocho chikuingitsa mbalame kuposa zitini zanga. Pitiriza, mapira apulumuke."

Chinyanja ankachimva bwino lomwe, pakuti ankagulitsa nsomba zouma kwa anthu akumtunda. Koma ndikawafunsa chimene amva, ankangoyankha kuti amva mphepo. Ndinadandaula kwa amayi akusinja, ndipo iwo sanasiye munsi. "Kodi ukamawauza amalume ako kuti anyani alowa m'munda, umayimba?" Anandifunsa zomwezo basi. Ndikaganiza lero, amayi osadziwa chilembo n'chimodzi chomwe anali atamvetsa cholinga cha aphunzitsi ine ndisanachimvetse.

Ndinayamba kuwerenga ngati munthu wonena zimene waona ndi maso. Zinali zovuta, chifukwa kuti unene chotero uyenera kuyamba waona wekha, ndipo ndinazindikira ndi manyazi kuti nkhani imene ndinaibwereza kambirimbiri sindinkaidziwa. Mbalame nazo zinandithandiza. Zikatera ndinkaleka kuwerenga, kukoka chingwe ndi kukuwa, ndipo nkhani inkapuma pamene ine ndekha sindikanaipumitsa. Masana ena gulu lalikulu linatera kumunsi kwa munda. Ndinakoka, ndinakuwa mpaka mawu kusasa, ndipo pobwerera ku kabuku ndinapeza mphepo yatseka tsamba. Ndikufufuza pamene ndinalekera, mawu anatuluka pansi pa nsanja.

"Unalekera pamene ukonde ukung'ambika."

Amalume anapitiriza kuluka. Patapita kanthawi anawonjezera, ngati akulankhula ndi mono wawo, "Anapupuluma anthu amenewo. Ukonde wodzaza sakwezera m'bwato, amaukokera kumtunda."

Ndinakondwa, koma chimwemwecho sichinakhalitse. Kumva ndi kwina, kuvomera pamaso pa aphunzitsi kuti wamva ndi kwinanso. M'mawa mwake nditawafunsa, anayankhanso kuti amva mphepo. Ndinapitiriza kuwerenga tsiku ndi tsiku mpaka tinadula mapira, osadziwa ngati ndikuthira madzi m'mtsuko kapena mumchenga.

Aphunzitsi anafika masana ena ngala za mapira zili pa thandala. Anali akukankha njinga chifukwa minga inali itaboola tayala, malaya atanyowa ndi thukuta. Amayi anayala mphasa pansi pa mtengo wa msikizi nawapatsa thobwa la munkhoyo m'chipanda. Ine ndinakhala patali pang'ono, pafupi ndi nkhokwe, monga mwa lamulo.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Taswera, aphunzitsi, kaya inu ndi ulendo."

Anakamba za mvula, za njovu zimene zinawononga minda kutsidya, za mseu. Potsiriza aphunzitsi anaika chipanda pansi nati, "Mnyamatayu wakhala akukuwerengerani nkhani. Mwamvapo chiyani?"

Amalume anatambasula mwendo wawo wouma, nayang'ana kumtsinje nthawi yaitali. "Aphunzitsi, ine ndine munthu wosaphunzira. Sindinamve kanthu."

Ndinaona amayi akugwetsa nkhope. Ndinali nditayamba kale kudziona ndikukalamba pa nsanja ija.

"Sindinamve kanthu ka nzeru," amalume anapitiriza. "Ndangomva za asodzi osadziwa ntchito yawo."

Ndipo anayamba. Anainena nkhani yonse m'Chikunda, kuyambira pa maukonde otsuka mpaka pa mabwato ofuna kumira, osadumpha kanthu, osasokoneza choyamba ndi chotsatira. Pena ankaima kuti awadzudzule asodziwo, pena ankawachitira chifundo, ponena kuti iwonso amadziwa kubwerera kunyumba ndi dengu lopanda kanthu ana akuyang'ana. Pa nsomba zochuluka zija anatambasula manja ngati ukonde ukuwakoka, mpaka amayi anaseka misozi ili m'maso. Aphunzitsi ankangogwedeza mutu.

Atafika kumapeto, mawu awo anatsika. "Tsono anyamata awiri aja ananyamuka, nasiya atate awo m'bwato. Apa ndiye ndili ndi funso, aphunzitsi, poti inu mabuku mumawadziwa. Nkhalamba ija inatsala m'bwato. Ukonde wong'ambika uja anasoka ndani? Chaka chotsatira inadya chiyani?"

Mantha anandigwiranso. Ndinati amalume awononga zonse, pakuti kusukulu palibe amene ankafunsa Malembo mafunso otere. Aphunzitsi anayang'ana mwendo uja pamphasa, kenaka anayang'ana ine, nabwezanso maso kwa amalume.

"Pamenepo sipanalembedwe, bambo," anatero motsitsa.

"Ndinadziwa," amalume anayankha. "Wolembayo anali m'gulu la opitawo." Anatenga chipanda namwa pang'ono, napukuta pakamwa. "Mutengeni mnyamatayo. Kuwerenga amatha. Poyamba ankalira ngati mbuzi yomangidwa, koma tsopano amatha."

Sindikumbukira mmene aphunzitsi anatsanzikira. Ndikukumbukira kuti ndinathamangira kumtsinje, ndinagona chagada pamchenga wotentha, ndipo thupi lonse linali lopepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni za tsanya umene ndinausenza nyengo yonse. Ndinaseka ndekha. Madzulo ake amayi anapha nkhuku, ndipo amalume anandipatsa ntchafu, chinthu chimene sichinachitikepo. Koma ngakhale ndikudya, mumtima ndinali ndi kakwiyo pang'ono chifukwa cha funso lija. Ndinati anafunsa dala kuti achititse manyazi aphunzitsi, ndi kuti mwayi wanga unatsala pang'ono kutayika chifukwa cha makani awo.

Ndinapita ku mishoni, ndipo zimene ndinaphunzira kumeneko zandidyetsa moyo wanga wonse. Pa tchuthi choyamba ndinabwerera kwathu ndi kabudula wa khaki ndi mawu angapo a Chingerezi. Ndinapeza kuti chaka chimenecho analima kachigawo kakufupi ndi nyumba kokha, kumunsi konse kuli udzu. Bwato linali litavundikiridwa pansi pa mvunguti, chiswe chitayamba kulikwera. Nditafunsa, amalume anati mapira ambiri amangotopetsa amayi posinja, ndipo nsomba za masiku ano zachenjera. Ndinawakhulupirira, n'kuyamba kuwasimbira za belu la ku mishoni ndi za mabedi achitsulo. Anamvetsera zonse, akufunsa apa ndi apo, ndipo ine ndinakondwa kuti za nkhalamba ya m'bwato ija anaziiwala. Pa msinkhu umenewo ndinkaganiza kuti tsiku lija amalume ankafunsa za munthu wa m'buku.