Mpando wa Bambo

Mdzukulu wanga Tadala wakhala pansi m'nyumba mwathu muno ku Scarborough, akudula katoni kuti apange chipewa chachifumu. Kusukulu akuchita sewero lakale la msilikali wa ku Scotland amene anapha mfumu n'kulanda ufumu wa mwana wake.

"Koma agogo, aphunzitsi akuti zenizeni sizinali choncho," akutero m'Chichewa chake chotsimphina. "Kalelo kumeneko ufumu sunkapita kwa mwana. Unkasinthana pakati pa abale. Mwina munthuyo sanabe."

Fungo la katoniyo landibwezera ku Dowa, tsiku limene tinkalongedza katundu.

Bambo anali mfumu ya kamudzi kakang'ono. Atamwalira, ndinkadziwa kuti mpando wawo wansungwi ukhala wa achimwene anga. Ndinkaupukuta m'mawa uliwonse, kuwasungira. Koma tsiku lolonga ufumu amayi a mbumba anawadutsa achimwene ngati chitsa, n'kukagwira msuweni wathu, mwana wa azakhali. Anamuthira ufa kumutu, nthungululu zili wawawa.

Ndinakoka chitenje cha mayi. "Mayi, akuba mpando wa bambo!"

"Khala chete. Ufumu ndi wa kwawo kwa bambo ako. Ife kwathu ndi kwina."

Tinamanga mbale m'makatoni n'kubwerera kumudzi kwa mayi. Mpando unatsala. Kwa zaka zambiri msuweniyo sindinkamupatsa moni.

Tadala wavala chipewa chake mopendekeka. "Ndiye wakuba anali ndani, agogo?"

Ndamuwongolera chipewacho. "Zimatengera kuti wofotokoza nkhaniyo ndi mwana wa ndani."